Tsiku Lomwe Seva Inavala Chitenje

Madisiki atsopano anafika ku Chadiza Lachinayi masana, ali pamiyendo pa Trywell. Kondakitala wa minibasi ya ku Chipata anayesa kamodzi kokha kunena kuti katoniyo ikwere pamwamba ndi matumba a feteleza. Trywell anamuyang'ana ndi diso loti munthu sabwerezanso, ndipo katoni inayenda ulendo wonse ngati khanda.

Trywell ndiye anali woyang'anira makompyuta pa ofesi ya alimi a mtedza a Tikolole. Kuseri kwa ofesiyo kunali kachipinda kokhala ndi chitseko chakechake choloza kubwalo, ndipo m'menemo munaima chikabati chachitsulo, chachitali ngati firiji, chong'ung'udza tsiku lonse. Chimenecho ndicho seva. M'mimba mwake munali madisiki asanu ndi imodzi, ndipo m'madisikimo munali ntchito ya zaka zisanu ndi zitatu: dzina la mlimi aliyense, mapu a munda wake, mtundu wa mbewu yomwe imalola pa nthaka yake, ndi chithunzi chake ataima m'mphepete mwa mundawo. Alangizi anatha matayala a njinga ndi zidendene kuti zimenezi zipezeke, kuyambira kwa Zingalume, kwa Mlolo mpaka ku Pembamoyo.

Madisiki asanu ndi imodziwo anawalumikiza ngati anthu osenza denga la nkhokwe. Mmodzi akapunthwa, otsalawo amalimbikira ndipo denga siligwa. Koma awiri akagwa, basi, mwatola udzu. Tsono disiki imodzi inali itafa kale mu Ogasiti, ndipo ina inali itayamba kudwala, kanyali kake kakuyaka kachikasu m'malo mwa kobiriwira. Kope lina lomwe ankalidalira analiyesa, osatseguka. Mvula inali pafupi, alimi akudikira kulandira mbewu, ndipo popanda kaundulayo palibe akanadziwa kuti ndani alandire mbewu iti.

Ntchito yake inali yosavuta kuinena: kulowetsa madisiki atsopano m'malo opanda kanthu, ndi kuuza seva kuti isamutse zonse kuchoka ku akale kupita ku atsopano, osaizimitsa. Mawu akuluakulu anali omalizawo. Disiki yodwala ikangogona, panalibe wolonjeza kuti idzadzukanso. Trywell anasankha Loweruka, tsiku lopanda anthu, kuti pasakhale womusokoneza. Anaganizira magetsi, anaganizira mabatire a sola, anaganizira ngakhale makoswe. Chomwe anaiwala ndi apongozi ake.

A Elinata, amayi ake a Lonia mkazi wake, ndiwo ankasesa pa ofesiyo, ndipo anayamba ntchito Trywell akadali pasukulu. Anali mayi wa Chigwirizano, wa mwambo wosapindika. M'zaka zinayi za ukwati wake, Trywell anali asanalankhulepo nawo maso ndi maso. Kwawo ndi mmene zimakhalira: mkamwini ndi mpongozi sayang'anana, sakhala mphasa imodzi, sadutsana pakhomo. Ena masiku ano amati zimenezo n'zachikale, koma enawo sanakwatire kwa a Elinata.

Ndiye tangoganizani anthu awiri otere akugwira ntchito m'nyumba imodzi ya zipinda zinayi. A Elinata akamabwera ndi tsache ankatsokomola patali, Trywell n'kulowa m'chipinda cha matumba ngati waiwala kanthu. Uthenga uliwonse unkadzera kwa a Edina, alembi a pa ofesi, omwe ankati akadzapuma ntchito adzafuna mendulo ya unkhoswe. Komatu pasakhale wonama kuti awiriwa ankadana. A Elinata ankanyadira mkamwini wawo mpaka kutopetsa anzawo a kutchalitchi, ndipo Trywell ankawaopa ndi mantha aja okhala ndi chikondi m'kati.

Panali chinthu china chomwe a Elinata sankapirira nacho: kuona katundu wabwino ali maliseche. Makina osindikizira mapepala anali ndi chovala chake. Ketulo inali ndi kachipewa. Wailesi ya a manejala inali ndi nsalu yoluka, yamaluwa. Seva yokha ndiyo inali itapulumuka, chifukwa kachipinda kake kankakhala kokiya.

Loweruka lija Trywell anayamba seveni koloko. Analowetsa madisiki atsopano imodziimodzi, iliyonse n'kulira kuti khe, tinyali n'kuyaka. Anawerenga kawiri zomwe analemba pa laputopu, chifukwa pa ntchito imeneyi kusokoneza kochokera ndi kopita n'chimodzimodzi kuthira mbewu m'chimbudzi. Kenako anadina. Kamzere koonetsa pomwe kusamutsa kwafika kanayamba kukwawa: wani peresenti, thuu peresenti. Mtima wake unakhala pansi, anayamba kuimba kamluzu.

Koma Okutobala wa ku Chadiza sachita nthabwala. Makina oziziritsa m'kachipindamo anali atafa kalekale, choncho anatsegula chitseko ndi zenera kuti mphepo idutse. Pofika leveni koloko kamzere kanali pa 54, koma mphepo yodutsayo inali ngati yochokera pa ng'anjo ya njerwa. Anaganiza zothamangira kumsika kukabwereka fani kwa Eneya wometa tsitsi. Ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu basi. Chitseko anangochisiya chotsegula, poti mpanda unali wotseka ndipo makiyi ake anali ndi antchito okha.

Eneya samabwereketsa chinthu popanda kufotokoza mbiri yake. Ali mkati mofotokoza komwe faniyo inachokera, foni ya Trywell inalira. Unali uthenga wochokera ku seva: kutentha madigiri 43. Anadabwa, poti anaisiya pa 36. Asanabweze foni m'thumba, ina: 46. Trywell anadziwa bwino lomwe kuti ikafika 60 seva imadzizimitsa yokha kuti isapse. Anakwatula fani m'manja mwa Eneya, anaimangirira pa kaliyala ya njinga yake, n'kupalasa ngati wathamangitsidwa ndi njuchi.

Atakhota kuseri kwa ofesi anagwira mabuleki mpaka fumbi koboo. Pakhomo pa kachipinda paja panali a Elinata, atayala mphasa, miyendo atatambasula kuchoka mphuthu iyi kufika inayo, lichero pamiyendo, akuswa mtedza. Ndipo kumbuyo kwawo, mayo ine, seva inali itavala. Chinali chovala chosokedwa moyeza, cha chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, chotsika mpaka pansi, chokhala ndi mphonje m'munsi. M'kati anachikutira ndi nsalu yokhuthala kuti fumbi lisaone polowera. Kunena zoona chinali chokongola. Seva inkaoneka ngati mkwatibwi, koma mkwatibwi wake anali kubanika.

Trywell anatsika panjinga pansi pa mtengo wa mango, mapazi khumi kuchokera pakhomo. Ananjuta, nkhope atalozetsa kumbali monga mwa mwambo, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono. A Edina kunalibe. Mlonda anali atapita ku maliro. Pabwalo ponse panali iye, apongozi, ndi nkhuku yathadzi yomwe inkazungulira lichero.

A Elinata anakoka mpango kuphimba mbali ya nkhope, n'kuyang'ana nkhukuyo.

"Nkhuku iwe," anatero, "uwauze eni ake makina kuti ndinabwera kudzatenga ndowa yanga, ndiye ndapeza chitseko chili pululu, kamvuluvulu akuloza momwemu. Ndati zinthu zatsopano za ku Lusaka zisadye fumbi ine ndilipo. Chovalacho chinali kale m'chikwama, ndimadikira tsiku."

Foni inanjenjemera m'thumba. 50. Trywell anayang'ana njinga yake.

"Njinga iwe," anatero, "uwathokoze kwambiri amayi. Chovalacho n'chapamwamba zedi. Kungoti... makinawo akumva kutentha pang'ono."

"Ndinadziwa ine!" a Elinata anauza nkhuku. "Dzuwa ili likulowera pazenera."

Anaimirira msangamsanga, n'kutseka zenera lija, n'kupachikapo chitenje china kuti kadzuwa kasalowe ngakhale pang'ono. Kenako anabwerera pamalo pawo, miyendo tambasu, mtima uli mbee kuti athandiza. Ndipo musawaseke msanga. Chilichonse chomwe iwo anasamalirapo pa moyo wawo, kaya mwana, kaya mbewu, kaya mkaka, chikatentha amachiika pamthunzi.

Trywell anazemba kuseri kwa mtengo n'kuimbira Lonia, yemwe anali ku Pembamoyo komwe ankaphunzitsa. Anafotokoza monong'ona, mawu akuthamangitsana. Ku mbali inayo kunaphulika chiphwete.

"Mwati yavala? Ndi mphonje zomwe?"

"Amake Karen, si zoseka izi. Zikafika 60 ine ntchito yatha, alimi mbewu palibe. Aimbireni amayi."

"Foni yawo ili kunyumba, m'chitini cha shuga. Imakhala momwemo kuti isathe moto." Lonia anapuma kaye kuseka. "Koma mudziwe, chovalacho asoka milungu itatu. Anakayeza ndi chingwe tsiku lomwe munaiwala makiyi pa tebulo. Amati akamwini anga asachite manyazi alendo a ku Lusaka akabwera."

Mawu amenewo anamulasa Trywell kuposa kutentha kuja. "Ndiye nditani ine?"

"Lankhulani nawo, atate ake Karen. Amayi saluma."

"Kunena n'kosavuta."

"Ndiye uzani njinga iwachotse," anatero Lonia, n'kuyambiranso kuseka mpaka foni inaduka.

54. Trywell anayang'ana zenera, koma linali ndi zitsulo. Anaganiza zothamangira kwa a Edina, koma kwawo kunali kutsidya kwa dambo. Anaganiza zoponya mwala pa malata kuti mwina apongozi athawe, n'kudzichitira yekha manyazi. Ankaima, n'kunjuta, n'kuimanso. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iye mvula yake inali thukuta lomwe linali litanyowetsa kale malaya. Akadutsa pa miyendo ya apongozi, mudzi wonse wa kwa Mlolo udzamva kuti Lonia anakwatiwa ndi munthu wosalangizidwa. Akapanda kudutsa, zaka zisanu ndi zitatu zipsa iye akuyang'ana.

Pa 57 seva inayamba kulira yokha m'kati mwa chovala muja, kulira kosalekeza: pii, pii, pii. A Elinata anatembenuka, n'kuiyang'ana mokayika.

Trywell anavula kapu. Anayenda mapazi asanu ndi awiri omwe anali asanayendepo chikwatirire. Anagwada patsogolo pa mphasa, n'kukweza maso.

"Amayi."

Dzanja la a Elinata linaima m'malere, khoko la mtedza lili pakati pa zala.

"Amayi, mundikhululukire, ndaphwanya mwambo. Chovala chanu n'chokongola, ndipo palibe munthu anandichitirapo zotere. Koma makinawa amapuma. Amakoka mphepo kutsogolo n'kutulutsa kumbuyo. Panopa akubanika. Pakangopita mphindi zochepa azima, ndipo mayina onse a alimi apita nawo. Ndikupempha ndidutse."

Anthu awiriwa anayang'anana kwa nthawi yoyamba. Trywell anaona kuti apongozi ake ali ndi kachipsera pa chibwano ndiponso maso ngati a mdzukulu wawo Karen. Anayembekezera chilichonse: kulira, kunyamuka mwaukali, kapena chete uja woopsa kuposa zonse.

A Elinata anadzambatuka ngati mtsikana. Lichero linagubuduka, mtedza mbwee pabwalo, nkhuku n'kuona ngati Khirisimasi yafika. Iwo eni ndiwo analowa, anagwira chovala chija m'mapewa n'kuchisolola kamodzi. Mpweya wotentha unawawomba kumaso mpaka anabwerera m'mbuyo.

"Mayo! Mungaphikepo mbatata apa!" Anathothola chitenje cha pazenera, n'kukankha zeneralo. Kenako anatembenukira mkamwini wawo, manja m'chiuno. "Nanga inu osanena bwanji? Nyumba ikupsa, inu muli kalikiliki kuuza njinga?"

"Paja inunso mumauza nkhuku, amayi," mawuwo anamupulumuka Trywell.

Anadzigwira pakamwa. Koma a Elinata anaseka, kuseka kwenikweni kogwira m'nthiti, ndipo Trywell anadabwa kuti zaka zinayi zonsezi ankangokumvera kuseri kwa khoma.

Panalibe nthawi yotaya. Trywell anamasula fani, n'kuilumikiza, n'kuilozetsa kutsogolo kwa seva. A Elinata anatola lichero n'kuima kumbuyo, akukupiza mpweya wotentha kuti utulukire pazenera, mikono ikugwira ntchito ngati akupeta mapira. 58. Inakhala pa 58 nthawi yoti munthu n'kupemphera Atate Wathu kawiri, ndipo a Elinata anapempheradi, mokweza. Kenako 57. 55. Kulira kuja kunaleka. Kanyali ka disiki yodwala kanali kakadali kachikasu, kakuphethira ngati nkhalamba yomwe yakana kugona alendo asanapite.

Itafika 40, Trywell anakhala pansi. A Elinata anapinda chovala chawo mosamala, n'kuchiyang'ana kwa kanthawi. Chisoni chinawagwira, ndipo sanachibise.

"Safunsa anadya phula," anatero. "Ndikanafunsa kwa a Edina. Ndimati ndikuchitireni ulemu, osadziwa kuti ndikukuphani."

"Olakwa ndine, amayi. Sindinakuuzenipo kuti m'menemu muli chiyani."

"Mukanandiuza bwanji, muli m'chipinda cha matumba?"

Ndiye anawauza. Anati makinawa ali ngati mtedza wongokumba kumene: ukauunjika n'kuuphimba umatentha n'kuchita nkhungu, umafuna mphepo. A Elinata anagwedeza mutu, chifukwa zimenezo anazidziwa Trywell asanabadwe. Anawaonetsa madisiki akale ndi atsopano, ndi kamzere kokwawa kaja. Iwo anati ndiye kuti akusamutsa chimanga kupita m'nkhokwe yatsopano, ndipo anamuchenjeza kuti asagwetse yakale asanaone ndi maso ake kuti chonse chalowa. Trywell anati buku la makinawo likunenanso chimodzimodzi, kungoti limatenga masamba makumi anayi.

Masana onse anakhala pakhomo paja, iwo pamphasa, iye pa kireti, akudya mtedza womwe anaulanditsa kwa nkhuku. Poyamba nkhani zinkatuluka movuta, aliyense akuiwala n'kuyamba kuyang'ana kumbali. Koma mawu osungidwa zaka zinayi ndi ambiri. Pofika 80 peresenti Trywell anali atadziwa kuti Lonia ali mwana ankaba chiponde, ndipo a Elinata anali atadziwa kuti mkamwini wawo sakonda therere, ankangodya mwaulemu. Zimenezo anati akambirana bwino tsiku lina.

Pa 99 kamzere kanaima ngati ng'ombe yokana goli. A Elinata anakakalipira kuti kasachite mwano. Dzuwa litapendeka, cha m'ma hafu folo, kanalumpha: 100. Trywell anaomba m'manja, a Elinata n'kuimba nthungululu yomwe inathawitsa nkhuku mpaka kumpanda.

"Sitinamalize," anatero Trywell, akukokera laputopu pafupi. "Tsopano tione ngati chimanga chalowadi. Zomwe titsegule pano zikuchokera m'madisiki atsopano. Tchulani mlimi aliyense yemwe mukumudziwa."

"Monika Tembo, wa kwa Zingalume."

Analemba. Panatuluka mayi wonenepa ataima m'munda, atavala chipewa chachikulu cha dzuwa.

"Ndi yemweyo! Chipewa icho n'chobwereka, mwini wake ndikumudziwa," anatero a Elinata, akuwomba ntchafu. Anatchula wina, n'kutuluka. Anatchula wachitatu, n'kutulukanso, ndipo aliyense analandira ndemanga yake. Kenako anayamba kusisita chovala chopinda chija pamiyendo.

"Nanga omwe anatisiya," anafunsa motsitsa, "mumawafufuta?"

"Ayi, amayi. Timangolemba kuti munda unapita kwa wina. Iwo amakhalabe momwemo."

"Talembani Yoweli Sakala. Wa kwa Mlolo."

Trywell analidziwa dzinalo. Anali atate ake a Lonia, omwe anamwalira chaka chimodzi iye asanafike pabanjapo. Kunyumba kunalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Chomwe chinalipo chinadyedwa ndi chiswe pamodzi ndi sutikesi. Polemba, mumtima anapempha kuti fayilo imeneyi yokha isakhale yowonongeka.

Inatseguka. Bambo wamtali, woonda, khasu paphewa, ataima m'mphepete mwa mizere ya mtedza wobiriwira. Ankaseka ndi kamwa lonse, ngati wojambulayo anali atangonena zopusa. Pa bondo la buluku lake panali chigamba cha chitenje cha maluwa.

A Elinata anasendera pafupi mpaka phewa lawo linagunda la mkamwini wawo, ndipo palibe anasuntha. Anapukuta galasi la laputopu ndi nsonga ya mpango, ngakhale panalibe fumbi.

"Chigamba icho ndinasoka ndine," anatero. "Ankakana, amati anzawo awaseka. Taonani, anajambulitsa nacho." Misozi inatsika, koma pakamwa panali kumwetulira. "Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikusesa panja pa chitseko ichi, iwo ali m'katimu? Ndipo lero ndimati ndiwaphike m'chitenje?"

"Apulumuka, amayi. Asamuka bwinobwino. Lolemba ndikusindikizirani chachikulu, cha pakhoma."

A Elinata anapukuta m'maso. Anakonza mpango wawo, anakhala mowongoka monga amakhalira pofika alendo, n'kuloza Trywell ndi dzanja lonse, akuyang'ana bambo wa pa chithunzi uja.

"Atate ake Lonia, simunawaone awa. Ndi akamwini anu. Amalankhula ndi njinga, koma ndi munthu."

Trywell anatsika pa kireti paja, anagwada, n'kuomba m'manja katatu.

"Muli bwanji, atate," anatero.